Timitengo tiwiri ta maluwa ouma ta pabalaza: zolemba za ntchito ku Zomba

Tsiku 1, sabata yoyamba ya Ogasiti

Tikupanga timitengo tiwiri tokongoletsa pabalaza, timene okonza maluwa amati topiary: mphika pansi, ndodo yowongoka pakati, pamwamba mpira wokutidwa ndi maluwa mbali zonse. Tonse tiwiri tikhala ta maluwa ouma. Koyamba tikatcha A, mpira wake ukhala wa udzu. Kachiwiri ndi B, mpira wake ukhala wa polystyrene, zoyera zopepuka zija zimatchinjiriza TV kapena firiji m'katoni. Tikufuna kuona mpira umene umagwira waya bwino, komanso umene ungapirire chinyezi cha kuno dzinja likafika. Tayamba mu Ogasiti dala, kuti zonse zikhale zatha mvula ya Novembala isanayambe.

Miyeso tagwirizana iyi. Mphika wadothi, msinkhu masentimita 17, kukamwa 18, pansi 13. Mpira usanavale maluwa ukhale masentimita 15 kuchoka mbali ina kufika inzake. Mukauzunguliza tepi pamimba iwerenge 47. Ndodo ndi masentimita 50: 16 abisika mumphika, 24 aoneka, 10 alowa mumpira. Kamtengo konse kafika cha m'ma 60. Mpira utavala maluwa uyenera kuposa kukamwa kwa mphika pang'ono chabe. Ukachepa, kamtengo kamaoneka ngati machesi ozika m'ndowa. Ukakulitsa, mphepo yolowera pakhomo imakagwetsa.

Zagulidwa mumsika wa Zomba ndi m'mahadiweya apafupi: miphika 2, simenti makilogalamu 2, waya wa khola la nkhuku wa maso ang'onoang'ono theka la mita, waya wopyapyala mpukutu umodzi, chingwe cha khonje, guluu woyera wa matabwa, vanishi kachitini kamodzi, sandipepa, misomali ya mainchesi 4. Posankha mphika tinaugogoda ndi chala. Wabwino umalira ngati belu. Wa mng'alu wobisika umangoti phu.

Tsiku 2

Kuthyola maluwa. Duwa lalikulu pa ntchitoyi ndi strawflower, maluwa osafota aja amene timasamba take timamveka ngati pepala ngakhale ali pamtengo. Tawapeza m'minda ya pakhomo iwiri, imodzi ku Matawale ina cha ku Mulunguzi. Abale ake akutchire, a mtundu wa Helichrysum, amamera m'udzu pamwamba pa phiri la Zomba, koma kumeneko ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo maluwa, ndere ndi ma orchid a kumeneko sitizula. Wofuna kudziwa maina a zomera apite ku Botanical Garden, munda umene Alexander Whyte anauyambitsa mu 1891. Kumenekonso n'kokaona ndi maso, osati kokathyola.

Nthawi yothyolera ndi cha m'ma 9 koloko m'mawa, mame atauma dzuwa lisanakule. Chachikulu n'kusankha. Duwa lothyoledwa likhale lotsegula mizere iwiri kapena itatu yakunja yokha, pakati padakali pofumbata. Strawflower imapitiriza kutsegula ili pachingwe. Mukathyola lotsegula kale lonse, pouma limapindikira kumbuyo, pakati pake pamatuluka ubweya wotuwa wa njere, ndipo duwalo latha ntchito.

Kuwerengera kwake tachita motere: 15 kuchulukitsa ndi 15, kenako ndi 3.14, zikupereka malo okwana masikweya sentimita 707 pakhungu la mpira umodzi. Duwa la masentimita 4 limadya malo pafupifupi 14. Ndiye kuti maluwa 50 pa mpira, 100 pa iwiri, kuwonjezerapo 30 a pangozi. Tathyola 130.

Tsiku 3

Kubaya waya. Phesi la strawflower likauma limathyoka pakhosi penipeni, choncho sitilidalira. Duwa lililonse talidula kusiya kaphesi ka sentimita imodzi, n'kulowetsa waya wa masentimita 10 m'kaphesiko mpaka ufike m'munsi mwa duwa, koma usatulukire kumaso. Izi zimachitika duwa lili laliwisi. Kaphesi kakamauma kamafinya wayayo, madzi ake n'kumuchititsa dzimbiri pang'ono, ndipo amagwirana popanda guluu. Mukadikira liume, waya salowa, amangoling'amba. Waya womangira zitsulo za nyumba ndi wokhuthala kwambiri pa ntchito iyi. Pa maluwa ena asanu oyesera, atatu anang'ambika. Wopyapyala wopindika ndi zala ndiye woyenera.

Tawamanga m'timitolo ta 10, n'kuwapachika chozondoka kuchipinda chosungira katundu, pansi pa denga la malata. Malowo ndi amdima, otentha masana, ndipo mphepo imadutsa. Mdima umasunga mtundu wa duwa. Kukhitchini ayi: utsi ndi mwaye zimadetsa oyera onse m'masiku ochepa. Pomanga tagwiritsa ntchito malegeni odula mopyapyala. Chingwe chimakhwepa zinthu zikafota, mtolo n'kugwa pansi usiku, mphira imatsatira.

Masamba a bulugama, nthambi 12 za masamba ang'onoang'ono okhwima, tawaika mu glycerine kuti asamathyoke: gawo limodzi la glycerine, magawo awiri a madzi otentha, kusakaniza bwino, kuthira m'botolo kufika masentimita 8. Kumapeto kwa nthambi taphwanya ndi hamala kuti zimwe msanga. Glycerine akhale weniweni wa ku famase. Wodzola wonunkhira uja nthawi zambiri amakhala wosakaniza ndi zina. Masamba anthete a kunsonga tadula, sachedwa kulendewera asanamwe.

Tsiku 5

Ndodo. Tasankha nsungwi yokhwima, youma kale, yonenepa masentimita 2. Tisanadule tinaimenyetsa pansi kuona ngati ikutulutsa ufa. Ya ufa ndiye kuti yafumbwa, ndipo tizilombo take tidzasamukira ku mipando ya m'nyumba. Ziwiri mwa zisanu tataya pa chifukwa chimenechi. Imodzi inali yokhota pang'ono. Taiwamba pa mbaula tikuitembenuza mpaka yayamba kutuluka thukuta, taiwongola pabondo, n'kuipukuta ndi nsanza yonyowa kuti izizire ili yowongoka.

Kumwamba tadula pamwamba penipeni pa mfundo kuti kukhale kotseka. Mabowo atatu taboola ndi msomali wotentha, chifukwa kukhoma msomali wozizira kumang'amba nsungwi kuchokera pabowo mpaka pamfundo. Bowo loyamba lili masentimita 3 kuchokera pansi: mulowa msomali wopingasa umene ugwire m'simenti. Lachiwiri masentimita 10 kuchokera pamwamba: msomali wake ndi mpando wa mpira, kuti usatsetsereke. Lachitatu masentimita 4 kuchokera pamwamba, lopingasana ndi lachiwiri: kamtengo kolowa mmenemo kaletsa mpira kuzungulira. Ambiri amangosongola ndodo n'kubaya mpira. Kwa mwezi umodzi zimaoneka bwino, kenako bowo limakula, mpira n'kuyamba kugwedera ngati mutu wa munthu wosinza m'minibasi.

Tapala ndi sandipepa, tapaka vanishi kawiri. Kumunsi kolowa m'simenti tapaka katatu n'kutseka dzenje lake ndi phula la kandulo, kuti nsungwi isamwe madzi a simenti n'kuyamba kuda.

Tsiku 6

Simenti sitinathire mumphika mwachindunji. Taithira m'zitini zakale za penti, masentimita 12 kukamwa ndi 12 msinkhu, zimene zidzalowe mumphika. Zifukwa ndi ziwiri. Mphika wadothi umamwa madzi a simenti n'kutulutsa mawanga oyera kunja. Chachiwiri, kamtengo kakakhala m'chitini mukhoza kusintha mphika ukasweka, komanso kukagoneka pogwira ntchito. Amene akufuna kugwiritsa ntchito ufa woyera uja amapangira chikhakha kuchipatala adziwe kuti umauma msanga, m'mphindi 20 mpaka 30, koma umatentha ndi kufufuma pouma, ndipo umang'amba mphika wadothi ngati mwathira mwachindunji. Muyeso wake ndi makapu awiri a ufa pa kapu imodzi ya madzi. Ife tasankha simenti chifukwa ndi yolemera ndiponso yosavuta kupeza.

Pa chitini chimodzi: simenti makapu 2, mchenga wa kumtsinje wosefa makapu 6, madzi kapu imodzi ndi theka, kuthira pang'onopang'ono mpaka zikhale ngati phala lolimba. Ndodo taimika pakati, tathira kufika masentimita 11, tagogoda chitini m'mbali kuti mpweya utuluke. Chitini chodzaza chikulemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka.

Kuimika ndodo chilili ndiye ntchito. Tapingasa timatabwa tiwiri pakamwa pa chitini, kupana ndodo pakati, n'kumanga ndi malegeni. Levulo taika mbali ziwiri zopingasana, osati imodzi. Ndodo ikhoza kuoneka njo kuchokera kutsogolo pamene yapendekera kumbuyo. Wopanda levulo amangirire mwala ku ulusi, aupachike pafupi, ayerekeze ndi diso.

Tsiku 7

Chitini B chili bwino. Cha A ndodo yapendeka pafupifupi sentimita imodzi ndi theka kunsonga. Chinachititsa ndi tebulo: linali losalingana miyendo, ndipo wina atalitsamira timatabwa tinasuntha simenti idakali yofewa. Sitiphwanya. Tidzakonza polowetsa mumphika, poika kamwala kaphanthiphanthi pansi pa chitini mbali imene yatsika. Tawaza madzi pa simenti ndi kuphimba ndi pepala la pulasitiki. Tichita chimodzimodzi masiku atatu.

Tsiku 9 mpaka 12

Chiperoni. Masiku anayi phiri silinaoneke, nkhungu ndi kamvula kowaza, dzuwa osatuluka. Timayesa kuti nyengo yake yapita ndi Julayi, koma ayi. Denga la malata silinatenthe, ndipo chipinda chouma chija chinasanduka chozizira ndi chonyowa. Pa tsiku 11 timitolo tiwiri ta pafupi ndi khoma tinapezeka ndi chuku chotuwa m'makosi mwa maluwa, pamene anagundana. Maluwa 14 tataya. Osayesa kupukuta chuku. Chimabwerera, ndipo chimafalikira kwa anzake.

Zimene tasintha: timitolo tamasula kukhala ta maluwa 5, mawaya tawatalikitsa mosiyanasiyana kuti mitu isagundane, chingwe tachichotsa kukhoma kuchiika pakati pa chipinda. Madzulo tinkaika mbaula ya makala oyaka kale, opanda utsi, pansi patali ndi maluwa kwa ola limodzi, chitseko chili chotsegula, munthu ali pomwepo kuyang'anira panja. Mbaula m'chipinda chotseka imapha munthu, ndipo maluwa ouma sachedwa kugwira moto.

Phunziro la miyeso: mtolo wa 10 ndi wa nyengo yotentha ya Seputembala ndi Okutobala. Kuno kumunsi kwa phiri, mwezi uliwonse kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mangani 5.

Tsiku 13

Dzuwa labwerera. Mpira A.

Udzu ndi wofewa, wopyapyala, osati tsekera. Tauika m'thumba lakuda la pulasitiki, kulimanga, kulisiya padzuwa tsiku lonse kuti tizilombo tife, kenako kuuyanika poyera. Mpirawu taumangira pandodo pomwepo, osati padera. Kapangidwe kake ndi ka mpira wachikulunga umene ana amasewera m'makwalala: kuyamba ndi kachibulunga kozungulira kamtengo kopingasa kaja, kukulunga ndi khonje, kuwonjezera udzu wina, kukulunganso mbali ina. Nsanjika iliyonse ikhale yopyapyala ndi yothina. Tepi tinkazunguliza mbali zitatu nthawi ndi nthawi. Khonje lapita mamita pafupifupi 15.

Kuyesa kulimba: kanikizani ndi chala chachikulu. Chikalowa kupitirira theka la sentimita, mpira ndi wofewa, ndipo waya wa duwa adzagwedera. Woyamba unalephera mayesowa, taumasula n'kuyambanso. Wachiwiri uli gwa. Pamwamba pake takuta waya wa khola la nkhuku, chidutswa cha masentimita 50 ndi 25, kudula m'mbali ngati makoko a lalanje kuti chizungulire bwino, nsonga zonse kuzipindira mkati ndi pulayazi. Kumunsi tamangirira wayayo ku msomali wa mpando. Tepi ikuwerenga 48, palibe vuto.

Tsiku 14

Mpira B watidyera nthawi kuposa mmene tinkaganizira. Tinadula zidutswa zitatu za polystyrene zokhuthala masentimita 5 kuti tiziphatikize. Poyesa tinapaka guluu wa nsapato pa kachidutswa kapadera: m'mphindi imodzi panakumbika dzenje. Guluu ameneyu, penti wopopera ndi vanishi wa mafuta, zonsezi zimasungunula polystyrene. Guluu wa mfuti yotentha nayenso amaboola ngati watentha kwambiri. Wotsala ndi woyera wa matabwa, koma iye amauma ndi mpweya, ndipo pakati pa zidutswa ziwiri za polystyrene mpweya sufika. Choncho tapaka mopyapyala, tadikira mphindi 10 kuti ayambe kunanda, taphatikiza, tabaya timitengo 6 ta nsungwi mopendeka kuti tigwire, n'kutsindira ndi njerwa.

Tsiku 17

Kusema mpira B ndi mpeni wa buledi, kenako sandipepa. Tadula katoni yokhala ndi theka la bwalo la masentimita 15 kuti tiziyeserapo. Tizidutswa toyera timauluka paliponse ndipo nkhuku zimatitola ngati chimanga. Semerani m'katoni yaikulu, mukatha musese nthawi yomweyo.

Bowo la ndodo taboola ndi mpeni wowonda, lochepa pang'ono kuposa ndodo. Kamtengo kopingasa sikangalowe ndi ndodo limodzi, ndiye takabaya kuchokera kunja kwa mpira, kudutsa m'bowo la nsungwi, titayeza ndi kulemba malo ake. Zinatheka kachitatu. Pakati pa msomali wa mpando ndi mpira taikapo chitsekerero cha botolo la pulasitiki chobooledwa, chifukwa msomali wokha umadula polystyrene pang'onopang'ono. Mpira wonse tapaka penti wa madzi wobiriwira modera, kuti pakatsala mpata pasaoneke poyera mbee.

Masamba a bulugama atha kumwa: asanduka obiriwira motuwa, ena ofiirira, ndipo akupindika osathyoka. Masiku 14. Tawapukuta ndi nsalu n'kuwapachika.

Tsiku 22

Strawflower yauma. Chizindikiro: kaphesi kalimba ngati kamtengo, ndipo duwa silizungulira pa waya. Kuwonjezera pa 14 a chuku, ena 8 atsegula mopitirira n'kutulutsa ubweya. Atsala 108: achikasu 46, ofiira moderako 31, a pinki 19, oyera 12.

Titayala khumi pampira A kuyesa, zaoneka kuti masamu a tsiku 2 anali olakwika, ndipo kulakwa kwake n'kwakukulu. Tinawerengera khungu la mpira, pamene nkhope za maluwa sizikhala pakhungu. Zimakhala masentimita 2 kunja kwake. Mpira umene diso limaona ndi wa masentimita 19, osati 15, ndipo 19 kuchulukitsa ndi 19 ndi 3.14 ndi 1,134. Komanso maluwa ambiri atauma ali masentimita atatu ndi theka, osati 4, ndiye lililonse likudya malo osakwana 11. Mpira umodzi ukufuna maluwa opitirira 100. Onse amene tili nawo ndi a kamtengo kamodzi.

Kuthyola ena n'kudikiranso masabata atatu, ndipo m'minda muja otsala atsegula kale. Tagwirizana kuti A atenge strawflower yonse, B avale maluwa ena, bougainvillea ndi gomphrena, pamodzi ndi masamba a bulugama aja. Aliyense wowerengera maluwa awonjezere masentimita 4 pa kukula kwa mpira asanachulukitse, ayeze duwa louma osati laliwisi, kenako awonjezere limodzi pa asanu alionse.

Tsiku 23

Bougainvillea nyengo ino ili ponseponse m'mipanda ya m'tauni, eni ake sakaniza mukapempha. Tatenga yofiirira ya pepo, chifukwa ndi imene imasunga mtundu. Yoyera imasanduka yakhaki. Samalani minga. Chimene chimaoneka ngati duwa ndi timasamba titatu topyapyala, kaduwa kenikeni ndi koyera kakang'ono pakati. Tamanga timagulu ta mitu 5 kapena 6 pa waya mmodzi zidakali zofewa, titazisiya tsiku limodzi lokha kuti zifote. Zikauma kwathunthu zimayoyoka mukangozikhudza. Timagulu 45. Gomphrena, timaluwa tozungulira ngati mabatani, tapeza mitu 70. Mapesi ake ndi olimba bwino moti safuna waya, angouma chozondoka.

Tsiku 24 ndi 25

Kuvala kwa A. Mawaya tadula kutsala masentimita 5 pansi pa duwa. Aatali amakumana pakati pa mpira n'kukankhana, kapena kugunda ndodo.

Tayambira kumunsi, kumene ambiri amamalizira. Chitini tachigoneka patebulo, kuchipana ndi njerwa ziwiri, mpira uli lende kunja kwa tebulo, ndipo tabaya mizere iwiri kuzungulira ndodo, kubisa msomali. Mukasiya kumunsi kuti mudzamalize kamtengo kali chilili, mumagwira ntchito mosaona, ndipo munthu wokhala pampando, amene amaona kamtengo kuchokera pansi, ndiye amaona zonse zimene munabisa.

Kenako tachiimika pa mbale yaikulu ya enamelo kuti tizichitembenuza. Mpira taugawa zigawo zinayi ndi ulusi, ndipo maluwa tawagawanso milu inayi yofanana mitundu. Popanda kutero mbali yoyamba imadya maluwa onse okongola, yomaliza n'kutsala ndi nyenyeswa. Oyera 12 tayamba nawo, atatu pa chigawo, motalikirana, kenako ofiira, achikasu ndi a pinki kudzaza. Nsonga ya waya aliyense taiviika mu guluu woyera tisanabaye. Waya aloze pakati penipeni pa mpira nthawi zonse. Akapendeka, duwa limayang'ana kumbali, ndipo mpira umayamba kuoneka ngati wophwanyika. Kankhani ndi pulayazi mutagwira waya, osati kukanikiza nkhope ya duwa.

Duwa lililonse likwere pang'ono pa linzake, mamilimita atatu kapena anayi. Chifukwa chake tinachiona m'mawa wa tsiku 25: usiku kunali chinyezi, ndipo maluwa amene tinabaya dzulo anali atafumbata pang'ono, mipata ya udzu ikuoneka. Dzuwa litakwera anatsegulanso. Strawflower imatero ngakhale itauma kalekale. Choncho ntchito yobaya ichitike masana maluwa ali otsegula, koma mothinana poganizira za m'mawa.

Pakatha maluwa 15 alionse, bwererani mamita awiri muone. Pafupi diso limaona duwa. Patali limaona ngati mpira ukadali wozungulira. Malo awiri anatukuka, takankhira mkati. Onse 108 alowa, ndipo panatsala kampata kumbuyo kokwana chikhatho cha mwana, kamene tatseka ndi gomphrena 9. Udzu wagwira waya bwino kwambiri. Duwa limodzi limene tinafuna kusuntha linachita kukokedwa ndi pulayazi.

Tsiku 29

Kuvala kwa B. Poyamba masamba a bulugama, atatuatatu pa waya, kuwagoneka pampira ngati mamba a nsomba kuti akute zobiriwira za penti. Pamwamba pake timagulu ta bougainvillea, kenako gomphrena m'mipata.

Polystyrene ili ndi khalidwe lake: waya amalowa mosavuta, koma bowo silibwerera. Mukazula n'kubayanso pomwepo, sagwiranso. Bayani kamodzi, ndipo mukalakwitsa sunthirani sentimita imodzi kumbali. Masamba a glycerine nawo sagwirizana ndi guluu, ali ndi mafuta. Amafuna waya wopindidwa ngati chipanera cha tsitsi, wobayidwa modutsa tsamba. Bougainvillea yoyoyoka inali yambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo asanu. Tikanabaya tsiku 26 isanaumitsitse zikanachepa.

Kunena zoona B ndi wokongola kuposa A lero. Mtundu wake ukuwala, ndipo akuoneka wofewa ngati mtambo. Koma sitikumuyembekezera kukhalitsa: bougainvillea imafwifwa ndi kuwala m'miyezi yochepa, pamene strawflower imatha chaka ndi kupitirira ili ndi mtundu wake.

Tsiku 30

Kulowetsa m'miphika. Bowo la pansi pa mphika tatseka ndi phale. Chitini chalowa, kamwala kokonza kupendeka kwa A kaikidwa, levulo yavomereza mbali zonse ziwiri. Mpata wa pakati pa chitini ndi mphika tathira mchenga wouma, wokazingidwa pa chiwaya kuti muchoke chinyezi ndi nyerere, kugwedeza mpaka chitini chisasunthe. Pamwamba A tayala timiyala toyera ta kumtsinje. B tizibalobalo touma ta paini. Pansi pa mphika tamata nsalu yokhuthala kuti usakande tebulo.

Ndodo ya A tasiya nsungwi ioneke. Ya B takulunga khonje kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndi kadontho ka guluu pa masentimita 5 alionse. Riboni sitinaike, pa mpira wodzaza chonchi ikungochulutsa zinthu.

Mayeso a kugwa: tapendeketsa mphika mpaka mbali imodzi ya pansi yanyamuka masentimita 3, n'kuusiya. Yonse iwiri yabwerera pamalo pake.

Tsiku 31

Wina anafunsa ngati chimango chomwechi chingatenge maluwa aawisi a pa chinkhoswe kapena ukwati. Chingatenge, koma osati ndi miyeso iyi. Maluwa aawisi amafuna siponji yobiriwira ija ya okonza maluwa, imene imamwa madzi. Mpira wake wa masentimita 15 ukakhuta umalemera kupitirira kilogalamu imodzi ndi theka, maluwa asanalowe, pamene mpira wathu A ndi maluwa ake onse sukufika theka la kilogalamu. Pamafunika chitini cholemera kawiri, ndodo yofupikirapo, ndi waya wa khola kukuta siponjiyo kuti isang'ambike pandodo. Poviika, iikeni pamwamba pa madzi imire yokha. Mukaikankhira pansi kunja kumanyowa, pakati n'kutsala pouma, ndipo maluwa ofika pamenepo amafota tsiku lomwelo. Ikonzedwe dzulo lake la mwambo, osati kale.

Tsiku 33

B tamupopera mankhwala olimbitsa tsitsi, kawiri mopepuka, chitini chili masentimita 30 kutali, panja. Athandiza bougainvillea kuti isayoyoke. Mukayandikitsa timasamba timanyowa n'kukwinyika. A sitinamupopere, safuna.

Malo oika: A pa kabati kukhoma losafika dzuwa, B pakona pafupi ndi mpando waukulu. Pawindo ayi, pafupi ndi khomo la kukhitchini ayi, ndipo magetsi akazima kandulo isaikidwe pa kabati imeneyo. Fumbi la Seputembala tizichotsa ndi nthenga ya nkhuku kamodzi pa sabata, kuyambira pamwamba kutsika. Nsalu yonyowa isayandikire.

Tsiku 40

A sanasinthe. Mpira sukugwedera, palibe duwa lagwa, ndodo ili njo. Pansi pa B tapeza timasamba ta bougainvillea 11 m'sabata yonse, ndipo mbali yoyang'ana kukhomo yayamba kutuwa pang'ono poyerekeza ndi yakukhoma. Tizimutembenuza theka Lamulungu lililonse kuti afwifwe mofanana. Tayang'ana pa timiyala ndi pa tebulo ngati pali ufa wa nsungwi kapena ndowe za tizilombo: palibe.

Mayeso enieni ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene zovala m'kabati zimanunkha chinyezi ndipo nsapato zimachita chuku. Tikuyembekezera mavuto awiri: udzu wa mkati mwa A ukhoza kumwa chinyezi n'kuyamba fungo, ndipo masamba a glycerine a B akhoza kuchita thukuta lonanda. Takonzeratu makatoni awiri aatali, timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndi makala ouma okulunga m'nyuzipepala oika pansi pa katoni. Mvula ikagwa masiku atatu osalekeza, timitengo tilowa m'makatoni; kukacha, tituluka kukhala pakhonde pamthunzi kwa maola awiri.

Mbewu za strawflower tasunga kuchokera ku maluwa 8 aja anatulutsa ubweya, zili mu envulopu yolembedwa. B adzafuna kuvulidwa bougainvillea ikatha, ndipo mpira wake udzafunika maluwa 130 ouma, kutanthauza kuthyola osachepera 160. Zolemba zotsatira zidzakhala sabata yoyamba mvula itakhazikika.